Botolo la Ulusi Wofiira

Obren wa m'mudzi wa Grabovik anafa m'kamwa muli tseketseke. Asanatsirizike anamwetsedwa matambula atatu a manyuchi, koma dokotala atayeza magazi ake anapeza kuti munalibe shuga ngakhale woti nyerere n'kunyamula. Mlandu wonse unagona pamenepo.

Aliyense kwathu kuno akudziwa mmene amakhalira odwala shuga obaya jakisoni. Shuga akakwera, matenda amamudya munthu pang'onopang'ono. Koma akatsikitsitsa, munthu amatuluka thukuta, amanjenjemera, amayamba kubwebweta, ndipo ukachedwa kumumwetsa chotsekemera, wapita. N'chifukwa chake m'nyumba ya Obren munkakhala mabotolo awiri a manyuchi a maluwa a mtengo wotchedwa zova. Lina linali lothira timapiritsi ta sakarini, timene timangonamiza lilime koma m'thupi sitisiyamo kanthu, ndipo limeneli ndilo ankamwa tsiku ndi tsiku. Linalo linali la shuga weniweni, lopulumutsira moyo, ndipo pakhosi pake ankamangapo ulusi wofiira. Chaka chimenecho shuga anali atasowa m'masitolo, moti botolo limenelo ankalisamala ngati dzira.

Amene anamumwetsa Obren anali mpongozi wake Rajna, mkazi wa malemu mwana wake Stevan. Amene anakanena kupolisi kuti Rajna anatenga dala botolo lolakwika anali mkazi wa Obren yemweyo, a Budimka. Apolisi anamutsekera Rajna m'chitokosi maliro asanaikidwe n'komwe. Lolemba anali woti akaonekere kwa woweruza, ndipo akakamupeza wolakwa, mwana wake mmodzi yekhayo, kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi dzina lake Dunja, kadzakulira m'manja mwa agogo ake osamuonanso mayi wake.

Mlanduwu anaupereka kwa Vukadin, wapolisi wofufuza milandu, mwamuna wamimba yake amene tsitsi linali litayamba kumuthawa. Vukadin sanali munthu wachifundo kwenikweni. Ankangodana ndi milandu imene imabwera yophikaphika, yongofuna kumeza.

Anafika ku Grabovik Lachinayi dzuwa lili paliwombo. Inali nyengo yotcheza rakija, kachasu wa mapulamu, mudzi wonse ukununkha mapulamu owola, ndipo mavu anali ponseponse, oledzera ngati eni mudzi. A Budimka anamulandira pakhonde atavala zakuda kuyambira mpango mpaka masokosi, makiyi ali lende m'chiuno. Anamubweretsera kambale ka slatko, zipatso zophika m'manyuchi, ndi tambula ya madzi monga mlendo aliyense amalandiridwira, koma m'kambalemo munali kachidutswa kamodzi kokha ka pulamu, moti supuni inachita kukasakasaka.

"Idyani, mwanangu. Nyumba ya maliro ilibe zambiri."

"Pepani ndi zovutazi, mayi."

"Akanatenga Mulungu bwenzi ndili chete. Koma wachita kulanda ndi munthu, munthu wodya m'mbale zanga."

"Ndionetseni mabotolo aja."

A Budimka anatsegula kabati ndi kiyi n'kuwaika patebulo. Onse anali obiriwira, ofanana ngati mapasa. La ulusi wofiira linali lodzaza mpaka m'khosi, phula limene anamata pa chitsekerero chake lili chimatire. M'linalo munangotsala tochepa pansi. Posakhalitsa mavu awiri anatera pa la ulusilo n'kuyamba kunyambita timadontho touma ta pagalasi. Linzakelo sanaliyang'ane n'komwe.

"Mwadzionera nokha," anatero a Budimka. "Ngakhale wakhungu akhoza kupapasa ulusi. Iye ali ndi maso awiri, kuphatikiza sukulu yake ya m'tauni ija."

Vukadin anaugwira ulusiwo. Unali wa ubweya wa nkhosa, wonyika pakhomo pomwepo, koma unali wosuluka mbali imodzi ngati unanyowapo.

"Tsikulo inu munali kuti?"

"Kumanda, kwa Stevan wanga. Loweruka lililonse ndimakamuyatsira kandulo. Funsani wansembe, tinapatsana moni pachipata."

"Jakisoni anabaya ndani?"

"Ine, monga masiku onse. Bambo ake a Stevan ankaopa singano ngati mwana."

"Atabayitsa anadya?"

"Kudyetsa ndi ntchito ya mpongozi. Kapena kwanu kutauniko apongozi ndi amene amaphikira akazi a ana awo?"

"Nanga Rajna angaphe apongozi ake chifukwa chiyani?"

"Amafuna kutithawa. Amafuna kutenga mwana n'kubwerera kwawo, kukakhala m'tinyumba tosanjikizana tija ngati nkhunda. Abambo ankakana." Anawerama n'kukweza nsalu ya patebulo. "Dunja, tuluka, uwauze bambowa zimene unaona."

Kamtsikanako kanatulutsa mutu wokha, dzanja litagwira siketi ya agogo ake. Kanalankhula mosapumira, ngati mwana amene akunena pemphero loloweza.

"Amayi anawatsina mphuno agogo aamuna n'kuwathira m'kamwa. Agogo amakana. Kenako anafa."

"Mwana sanama," anatero a Budimka, akukasisita mutu.

Vukadin anali atamvapo mboni zambiri zophunzitsidwa. Chimene chinamuopsa n'chakuti mwanayu sanachite kuphunzitsidwa zonse. Maso ake anali a munthu amene anaonadi.

* * *

Amene anali ndi Obren tsikulo anali mnansi wake Gvozden, ndipo Vukadin anamupeza pomwepo pamene zinachitikira, kuseri kwa khola, akusonkhezera moto pansi pa mphika wotchezera. Maliro kapena ayi, mapulamu sadikira.

"Ee, boma lafika! Khalani pa chitsa apo, bwana. Lawani mutu uwu. Mukapanda kutuluka misozi ndithyola mpope wanga."

"Ndili pa ntchito."

"Nanga ine ndili kutchalitchi?"

Vukadin analawa, misozi n'kutulukadi.

"Tandiuzani za Loweruka."

"Loweruka tinayatsa moto m'mamawa, iye apo, ine pano. Mutu utayamba kudontha tinalawa. Tinalawanso kachiwiri, kuti titsimikize. Ndinamufunsa kuti, 'Obren, wadya iwe?' Akuti, 'Mkazi wanga wakiya chakudya, wapita kukacheza ndi akufa, amoyofe tidya akabwera.' Tinaseka. Kenako ndikungoona mnzanga wayera ngati tchizi, thukuta lili kamukamu, akuitana ng'ombe yake imene inafa kalekale. Ndinakuwa. Mpongozi anatuluka akuthamanga, botolo kumanja."

"Anamwa?"

"Tambula yoyamba anamwa bwinobwino. Yachiwiri anaikankha, akuti, 'Si amenewa, mwanawe, si amenewa.' Ndiye mkazi uja anamukhalira pachifuwa, kumutsina mphuno, n'kuthira. Yachitatunso chimodzimodzi. Ine sindikumunamizira, bwana, Mulungu andiumitse dzanja lomwera."

"Botololo linali ndi ulusi?"

"Ine botolo ndimaliona m'kati, osati kunja."

"Bwanji simunam'patse china chotsekemera?"

"Chiti? Mapulamu onse ali m'migolo, anasanduka kale mowa. Kwanga shuga tinatsanzikana naye pa Isitala. Ndinathamanga kukabwereka thirakitala kuti tipite naye kuchipatala, pobwera ndinapeza watha." Gvozden anapukuta mphuno ndi mkono. "Tinakulira limodzi ameneyo. Ankandibera nkhuni, koma anali mnzanga."

Vukadin anaimirira. Umboni umenewu unali chingwe chokwanira kumumangira Rajna, ndipo analibe chifukwa choukayikira.

"Ndiye mkaziyo anamupha chifukwa chomukaniza kupita ndi mwana," anatero ngati akudzilankhulira yekha.

Gvozden anasiya chikuni m'malere. "Kumukaniza? Wakunamizani ndani? Obren ndi amene anamulola! Ndinalipo ine patebulo, tsiku la phwando la woyera mtima wa banja lawo. Anagogoda tambula ndi mpeni, akuti, 'Mpongozi, mapulamu akatha utenge mwana uzipita. Nyumba ino yasanduka manda, mwana asakulire muno.' Rajna analira n'kuwapsompsona dzanja."

"Nanga a Budimka?"

"Amenewo? Anangodzuka n'kukayamba kutsuka mbale zotsukatsuka."

* * *

Madzulo a tsiku lomwelo Vukadin analowa m'chitokosi. Rajna anali atakhala pa benchi, manja ali pa maondo. Anali mkazi wowonda, wa nkhope imene kale iyenera kuti inkaseka. Sanadzuke ndiponso sanapereke moni.

"Mwabwera kudzandifunsanso za ulusi. Unalipo."

"Botolo la ulusi n'lodzaza, mayi. Phula lake silinaswedwe."

"Limene ndinatenga ine linali ndi ulusi. Ndinaliona, ndinaligwira. Zaka zonsezi m'nyumba imene ija ndaphunziramo zinthu ziwiri, kukhala chete ndi kuyang'ana ulusi."

"Munaswa phula potsegula?"

"Ayi. Chitsekerero chinangotuluka. Sindinaganize n'komwe. Munthu akufa pamaso pako, sufunsa za phula."

"Anakuuzani kuti si amenewo."

"Shuga akatsika ankakana chilichonse. Tsiku lina anandiluma, taonani chipsera ichi. Dokotala anandiuza kuti akamakana ndizimukakamiza, ndipo ndam'pulumutsa motero kangapo konse." Anasisita chipsera chija. "Koma Loweruka ankanena zoona. Lilime lake linkadziwa kukoma kwa mapiritsi. Iye akundichenjeza, ine ndikumutsina mphuno. Munthu yekhayo amene anandichitira chifundo m'nyumba ija ndinamukhalira pachifuwa mpaka kufa. Mukafuna kundimanga, ndimangireni zimenezo."

"Chakudya bwanji simunam'patse m'mawa?"

"Ine ndili ndi kiyi? Ngakhale mchere ndimachita kupempha."

"Alipo anaona ulusiwo kupatula inu?"

"Palibe. Manja ankanjenjemera, manyuchi ankatayikira m'khosi mwa botolo. Ndinalikulunga ndi thaulo kuti lisandipulumuke. Nditayang'ana zala zanga zinali zofiira, ndimayesa magazi, koma unali utoto wa ulusi uja. Amayi amanyika okha ubweya wawo, ndipo utoto wawo sugwira."

Vukadin anayang'ana zalazo. Zinali zoyera, utoto unachoka kalekale.

"Thaulolo lili kuti?"

"Ndinalikoleka pampanda. Loyera, la maluwa abuluu m'mphepete, lobooka pakona." Kenako anadzutsa mutu koyamba. "Mwamuona Dunja? Akudya? Akundifunsa?"

"Akudya," anayankha Vukadin.

Rajna anadikira yankho la funso linalo. Litapanda kubwera, anatembenukira kukhoma.

Vukadin anamva chisoni, ndipo chisonicho chinamukwiyitsa, chifukwa chisoni si umboni. Masana aja anali atadutsa pa mpanda umenewo. Panalibe thaulo.

* * *

Lachisanu lonse linathera pa kufunafuna. Anayang'ana m'tsinde mwa mpanda, m'dzala, m'phulusa la mbaula, ngakhale m'khola la nkhumba. A Budimka anali khale pakhonde akusenda nyemba, akumuonerera ngati mmene munthu amaonerera nkhuku ya eni ikupalasa pabwalo pake.

"Mwataya chiyani, mwanangu?"

"Ndionetseni zovala zimene mwachapa sabata ino."

"Kuchapa? M'nyumba ya maliro? Ife kuno sitichapa mpaka sabata itakwana. Mwina kwanuko."

Anamuonetsa dengu la zakuda. Munali malaya a Obren, nsalu za patebulo, masiketi a mwana. Thaulo la maluwa abuluu munalibe, ndipo Vukadin sanalitchule. Ataona mmene mayiwo anali kumuyang'anira, anazindikira kuti nawonso sakudziwa chimene iye akufuna. Zimenezi zinamupatsa kachiyembekezo, koma kachiyembekezo sungapite nako kwa woweruza.

Loweruka m'mawa mudzi wonse unakwera kumanda ku mwambo wokumbukira kuti patha sabata chimwalirire Obren. Vukadin anapita nawo, n'kuima kumbuyo chipewa chili m'manja. Wansembe anaimba mapemphero ake n'kuthira vinyo pa mtumbira. Kenako amayi anayala nsalu pambali pa manda n'kuikapo buledi, tchizi, rakija, ndi mbale yaikulu ya tirigu wophika wothira mtedza, amene aliyense amalawako supuni imodzi pokumbukira womwalira. Tiriguyo a Budimka anam'thira shuga weniweni, wosaumira. Pamaso pa anthu sankafuna manyazi. Mavu anadzaza pa mbaleyo, ndipo nyerere zinali zitapanga kale mzere kuchokera pansi pa mtanda.

Gvozden anamusendera, akutafuna.

"Mwalawa, bwana? Shuga ameneyu akanapezeka Loweruka lapita bwenzi tikudya kunyumba."

"Gvozden, tsiku lija pampanda panali thaulo. Loyera, la maluwa abuluu."

"Lobooka pakona?"

Vukadin anamugwira mkono. "Munaliona?"

"Nanga si ilo?" Gvozden analoza ndi supuni.

Kwathu kuno mtanda wa womwalira suyenda wamaliseche. Wonyamula mtanda patsogolo pa bokosi amaumangirira thaulo, ndipo thaulolo limatsala pamanda mpaka mvula ndi dzuwa zitalimaliza. Limayenera kukhala latsopano, lochokera m'bokosi la mayi wa pakhomo. Koma pa mtanda wa Obren panali chithaulo chakale, cha maluwa abuluu, chobooka pakona.

"Mtanda ndinanyamula ndine," anatero Gvozden monong'ona. "Nditapempha thaulo, mayi aja akuti atsopano onse ndi a ukwati wa Dunja, sangawononge pa munthu woti sapukutanso nkhope. Akuti, 'Tenga lililonse.' Ndinatola la pampanda. Ndinachita manyazi, koma nanga ndikanavula malaya?"

Zimene Vukadin anachita kenako anthu a ku Grabovik akuzikambabe mpaka lero. Anadutsa pakati pa olira, n'kulambalala wansembe, n'kumasula thaulo pa mtanda. Mvula inali isanagwe chiikireni maliro. Pakati pa thaulolo panali banga lalikulu lachikasu, ndipo m'kati mwa bangalo munali mizere yofiira, yozungulira, mmene linagwirira khosi la botolo. Nsalu imene yamwa manyuchi a shuga imauma gwa ndipo imamata, koma iyi inali yofewa. Nyerere zimene zinkakwera mtanda zinali kulidutsa osaima. Vukadin anaika pofiirapo m'kamwa n'kuyamwa.

Amayi ena anakuwa, ena n'kudzilemba chizindikiro cha mtanda.

"Bambo, kodi mwapenga?" anafunsa wansembe.

Poyamba Vukadin anamva kutsekemera, kenako kunabwera kuwawa kuja kwa kukhosi, konga wanyambita chitsulo, kumene aliyense amene anamwa khofi wa sakarini chaka chimenecho ankakudziwa. Utoto wa ulusi ndi manyuchi a mapiritsi zinali pa banga limodzi.

Atakweza maso anapeza a Budimka akuyang'ana thaulolo. Supuni imene anali kugawira tirigu inali itaima m'malere.

* * *

Anadikira kuti anthu atsike. Mkazi wa Gvozden anatenga Dunja, ngakhale mwanayo ankalimbalimba. Pamanda panatsala anthu awiri ndi mavu.

"Mayi, ulusi uja ndinauona Lachinayi. Botolo losatsegulidwa, koma ulusi wake wosuluka. Unanyowera kuti?"

A Budimka anayamba kupinda nsalu imene anayalapo chakudya, kona ndi kona, mosafulumira.

"Munabaya jakisoni, munakiya chakudya, tsiku loti mukudziwa kuti amuna anu alawa mutu wa rakija m'mimba mulibe kanthu. Munasamutsa ulusi n'kupita kumanda. Mutabwerako anthu ali pa chipwirikiti, munaubwezera. Ndikautumiza kokayeza pamodzi ndi thauloli, zonse zipezeka ndi sakarini. Ndanama?"

"Thaulo," anatero mayiwo, ngati akutukwana. "Thaulo lobooka."

"Mukanapereka latsopano bwenzi ine ndilibe kanthu."

"Atsopanowo ndi a Dunja." Anaika nsalu m'dengu n'kuwongoka. Sanalire, sananjenjemere. "Muli ndi ana, mwanangu?"

"Awiri."

"Ine ndinali ndi mmodzi. Ali apo." Analoza manda oyandikana nawo, osesedwa bwino, kandulo ili chiyakire. "Chimene anandisiyira ndi kamwana kaja. Kamayenda ngati iye, kamakana anyezi ngati iye. Ndiye mwamuna amene ndam'chapira, ndam'baya singano, ndam'tsuka zilonda za m'mapazi, anakapereka patebulo pamaso pa alendo ngati akupatsira munthu mchere. Osandifunsa. Osandiyang'ana n'komwe."

"Ndiye munamupha."

"Ine ndinali kuno. Funsani wansembe. Wom'tsina mphuno mukumudziwa."

"Munapha mwamuna wanu ndi manja a mpongozi wanu, mwana akuona."

"Mwana mmodzi ndinamuika m'manda," anatero a Budimka. "Wachiwiri sindikanamuika m'basi."

Vukadin anali atamangapo anthu opha ndi nkhwangwa, ndipo ambiri a iwo ankalira. Mayi uyu anamuchititsa mantha kuposa onsewo. Vukadin anawauza a Budimka kuti atenge mpango wina ndi mankhwala awo, chifukwa apita naye kutauni.

"Tiyeni. Ndakalamba ine, ndende indisunga zaka zingati? Mutulutseni mpongozi wanuyo." Anamasula makiyi m'chiuno n'kuwaponya pa mtumbira wa mwamuna wawo. "Akatsegule zonse, akadye. Koma sabata yathunthu mwana uja wagona pa mkono wanga, ndipo usiku mwana amafunsa mafunso. Ine ndimayankha."

"Munamuuza chiyani?"

A Budimka anamwetulira koyamba, mano awo ochepa aja akuonekera.

"Zimene anaona."

* * *

Woweruza atamva nkhani ya thaulo sanachedwe. Lolemba masana Rajna anatuluka, ndipo Vukadin anamutenga yekha pa galimoto ya apolisi, chinthu chimene sichinali pa ntchito yake. Njira yonse mkaziyo sanafunse za apongozi ake. Ankangokonza tsitsi ndi zala, n'kumafunsa ngati nkhope yake yasintha kwambiri.

Anamupeza Dunja pabwalo la Gvozden, atakhala pa sitepe dzuwa likumuwomba, milomo itauma. Mkazi wa Gvozden anawachingamira pachipata.

"Chichokereni agogo ake akungokhala pomwepo. Chakudya akutola pang'ono, koma chakumwa akukana. Ndayesa mkaka, ndayesa madzi, akuti amwa agogo akabwera."

Rajna anathamanga. Mwanayo atamuona anaimirira, koma sanam'thamangire. Anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda chitseko.

"Dunja, ndine mayi ako. Ndabwera, mwanangu. Tikupita kutauni, kuja ndinakuuza kuja, kokhala ndi sukulu ya mawindo aakulu."

Mwanayo anangokanirira kuchitseko.

"Taona milomo yako yang'aluka. Dikira."

Vukadin anaona chimene mkaziyo akufuna kuchita, ndipo anatsegula pakamwa kuti amuletse, koma anachedwa. Mayi akaona mwana ali ndi ludzu saganiza kawiri. Rajna anali atatunga kale madzi mu ndowa ya pachitsime. Anabwera nawo mu tambula, n'kugwada pa sitepe, madzi akutayikira m'zala.

"Imwa, mwanangu. Pang'ono pokha."

Dunja anayang'ana tambulayo, n'kuyang'ana zala zonyowazo. Kenako anaphimba mphuno yake ndi manja onse awiri, ndipo mawu anatulukira m'kati mwa zikhatho, aang'ono, opempha.

"Ndikhala mwana wabwino, amayi. Musandimwetse."